Shuga ndi maso: nkhungu ina imachoka yokha, ina sichoka

Amalume anga ndi telala. Zaka zambirimbiri makina awo akhala akulira pakhonde la sitolo ina pa Dedza boma, moti mayunifolomu a ana ambiri a kuno anadutsa m'manja mwawo. Chimene ndinayamba kuona ine chinali chaching'ono: ulusi unayamba kuwakana pasingano. Aunyowetse ndi malovu, aupotokole, ayandikitse nkhope mpaka mphuno kugunda makina, koma n'kuphonyabe. Mapeto ake ankaitana kamnyamata kogulitsa mandasi kuti kawalowetsere. Nditawafunsa anaseka. "Ukalamba uwu mphwanga. Kodi maso ndiye sakalamba?" Sabata yotsatira ndinawapeza atavala magalasi ogula pamsika. Mwezi usanathe anali ndi ena, ati oyamba aja atha mphamvu. Tsiku limene anawabaya chala kuchipatala n'kuwauza kuti ali ndi shuga, m'kadirowa ka makina munali mapeyala atatu a magalasi, onse opanda ntchito.

Wodwala shuga akamadandaula za maso, mawu amakhala amodzimodzi: "Ndikuona nkhungu." Ife a ku Dedza timamva msanga chimene akunena, poti m'mawa wa June phiri lonse limatha kusowa, galimoto za pa M1 n'kumayenda zitayatsa nyale kunja kutacha kale. Koma nkhungu ya m'maso mwa munthu wa shuga si imodzi. Ilipo yochoka yokha shuga akakhazikika. Ilipo yochotsa adokotala pa opaleshoni. Ndiye ilipo ina imene ikakhala yakhala, ndipo imeneyi imayamba kudya m'kati mwini wake akuonabe bwinobwino, akuwerenga Baibulo, akuwerenga ndalama zake. Ambiri amataya maso chifukwa chosokoneza zitatuzi. Yoyamba aiona yachoka, yachiwiri amva kuti imachotsedwa, basi n'kuganiza kuti yachitatu nayonso idzawadikira.

Za shuga weniweniyo ndingodutsamo. Nsima, mbatatesi, mpunga, buledi, zonsezi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kukagwira ntchito m'minofu pamafunika insulini, timadzi topangidwa ndi kachiwalo ka kuseri kwa chifu kotchedwa pancreas. Ena, makamaka ana ndi achinyamata, thupi lawo limasiyiratu kupanga insulini. Umenewu ndi mtundu woyamba. Ambiri ali ngati amalume: insulini ilipo koma yochepa, kapena thupi silikuimvera. Umenewu ndi mtundu wachiwiri, ndipo umatha kukhala m'thupi zaka zingapo mwini wake osadziwa. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye kanthu, pamasiku awiri osiyana, makina n'kuonetsa 126 kapena kupitirira pa muyezo wa mg/dL, womwe ndi 7 pa muyezo wa mmol/L, ameneyo ali ndi shuga. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009, wotchedwa STEPS, anapeza matendawa mwa 5.6 peresenti ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64. Si matenda a mabwana a mu Lilongwe okha ayi. Ku Lobi, ku Mayani, ku Golomoti, aliko.

Kuti nkhungu zitatuzi zimveke, tiyenera kulowa m'diso momwemo. Kuwala kumalowera kutsogolo n'kudutsa pa mwana wa diso, kabowo kakuda kaja kamene kamachepa padzuwa n'kukula mumdima. Kuseri kwake kuli kagalasi kofewa, kosaposa njere ya nyemba, kamene kamasonkhanitsa kuwalako. Pakati pa diso padzaza madzi onanda, oonekera ngati choyera cha dzira losaphika. Ndiye kumapeto kwenikweni kuli kachikopa kopyapyala koyalidwa m'kati mwa diso, monga pepala lonyowa lomatidwa m'mbale yolowa. Madokotala amati retina. Pamenepa ndi pamene chithunzi chimagwera chisanatumizidwe ku ubongo. Pakati pa retina pali kamalo kotchedwa macula, kotambalala mamilimita 5 kapena 6 basi. Kamaloka ndi kamene timawerengera kalata, kuzindikirira nkhope ya mwana, kusankhira nyemba m'lichero, kulowetsera ulusi pasingano. Retina yotsalayo imationetsa za m'mbali ndi kutiyendetsa kukamada.

Nkhungu yoyamba imachokera pa kagalasi kofewa kaja. Shuga akachuluka m'magazi amalowanso m'kagalasimo, n'kusanduka chinthu chokoka madzi, monga mmene mchere umanyowera wokha nthawi ya dzinja. Kagalasi kakamwa madzi mphamvu yake imasintha, chithunzi osagweranso pamalo pake. Lero munthu aona bwino zapafupi, mawa zapatali, mkucha zonse mbuu. Ndalama za amalume zinathera apa: ankagula magalasi oyenera diso la sabata imeneyo, sabata yotsatira diso lili lina. Chosokoneza n'chakuti nkhunguyi imabweranso munthu akangoyamba mankhwala shuga n'kuyamba kutsika, chifukwa kagalasi kamachedwa kuzolowera. Ndamvapo anthu akuti "mapilitsi a shugawa akundipha maso," n'kuwasiya. Mapilitsiwo salakwa kanthu. Pakadutsa milungu ingapo kumayera kokha. N'chifukwa chake a zamaso amauza munthu woti wangoyamba mankhwala kuti adikire kaye mwezi kapena iwiri, shuga akhazikike, ndiyeno ayezetse magalasi.

Yachiwiri ndi ng'ala, ndipo iyi tonse timaidziwa. Kagalasi komwe kaja kamachita mtambo pang'onopang'ono mpaka mwana wa diso kuoneka woyera. Ng'ala imagwira okalamba ambiri ngakhale opanda shuga, koma wa shuga imam'peza msanga ndipo imakula mofulumira. Amadandaula kuti dzuwa likumuthobwa m'maso, nyale za galimoto usiku zikumwazika, mitundu ya nsalu yazilala. Palibe mankhwala odontheza, a kuchipatala kaya achikuda, amene amasungunula ng'ala. Koma opaleshoni yake ndi yaifupi: amachotsa kagalasi koonongekako n'kuikapo ka pulasitiki, ndipo ambiri mawa lake akangomasula bandeji amaona. Kuno pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi nkhani ya agogo amene anapita ku chipatala cha Nkhoma, chomwe chinatchuka ndi maopaleshoni a maso, atagwiridwa dzanja n'kubwerako akuyenda okha. Nkhanizi n'zoona, koma zili ndi msampha wake. Zimachititsa anthu kukhulupirira kuti khungu lililonse lili ndi opaleshoni yake, ndiye palibe chothamangira. Chonsecho kwa munthu wa shuga amene retina yake inaonongeka kale, kuchotsa ng'ala kuli ngati kusintha galasi la tochi babu litapsa.

Tsopano tifike kuseri kwa diso, kumene kuli nkhani yeniyeni. Retina ndi yadyera. Imafuna chakudya ndi mpweya wambiri kuposa kukula kwake, ndipo zonsezi zimabwera ndi timitsempha ta magazi tochepa kuposa tsitsi, toyala ponseponse. Amene anaonapo madimba a mbatatesi ku Bembeke nthawi ya chilimwe agwira msanga: ngalande imodzi yochokera kumtsinje, yogawika m'tingalande, tingalande n'kugawikanso mpaka madzi afike pa phando lililonse. Magazi a shuga wambiri akamayenda m'timitsemphati chaka ndi chaka, makoma ake amafooka. Timaselo tochirikiza makomawo timafa, khoma n'kutupa pena ndi pena ngati chubu cha njinga chofuna kuphulika. Timatuza timeneti ndiye chizindikiro choyamba chimene dokotala amaona: timadontho tofiira, ngati pobayidwa ndi singano. Mukadzaona mawu oti diabetic retinopathy atalembedwa m'buku lanu la kuchipatala, akunena zimenezi. Mwini diso samva kanthu, chifukwa retina ilibe mitsempha yomvera ululu. Ingathe kuonongeka kwambiri popanda ngakhale kuyabwa. Chikomekome cha mkuyu: pagalasi lodziyang'anira diso loyera bwino, m'kati nyerere zili pikitipikiti.

Kuchokera apa kuonongeka kumayenda njira ziwiri, ndipo diso limodzi litha kukhala nazo zonse. Yoyamba ndi kudontha. Makoma ofooka aja amatulutsa madzi, mafuta ndi timagazi, n'kumadikha mu retina monga ngalande yong'aluka imasandutsira mzere wa mbatatesi kukhala thope. Zikamachitikira m'mbali, munthu sadziwa. Koma madziwo akafika pa macula, kamalo kaja kamatupa, pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana n'kuyamba kuchita chimbuuzi. Mizere yoongoka imaoneka yokhota. Felemu ya chitseko ipindika, zilembo za m'buku zina zimasowa, nkhope ya munthu ikhala yosadziwika ngakhale malaya ake akuoneka. Magalasi apa sathandiza, ngakhale odula chotani, poti vuto silili pa kagalasi. Kutupa kwa macula ndiko kumachotsera anthu ambiri a shuga wa mtundu wachiwiri kuona kwawo, ndipo kutha kubwera matenda a retina asanafike n'komwe patali.

Njira yachiwiri ndi kutsekeka, ndipo ndi yoopsa koposa. Timitsempha tina timatsekekeratu, zigawo za retina n'kukhala zopanda magazi, ngati kumunsi kwa dimba kumene madzi asiya kufika. Retina yanjalayo imatulutsa timadzi totchedwa VEGF, tomwe ndi ngati mfuu yoitanitsa mitsempha yatsopano. Thupi limamvera, mitsempha n'kumera. Ukamva koyamba umati ndiye bwinotu. Koma mitsempha yomera mwa changuyi ndi yosalimba, ndipo imamera posayenera: pamwamba pa retina, n'kumayanga m'madzi onanda a pakati pa diso aja ngati mpesa wosowa pokwera. Tsiku lina umodzi uphulika. Munthu amadzuka m'mawa n'kuona tinthu takuda tikuyandama ngati ntchentche, kapena ukonde wa kangaude, kapena utsi wofiirira umene ukukuta diso lonse m'maola ochepa. Magaziwo nthawi zina amaphwa okha pakapita milungu, munthu n'kuthokoza kuti wachira, pamene mitsempha ija ikadali pomwepo kudikira kuphulikanso. Pambuyo pake imasiya zipsera, zipsera n'kukhwinyata, n'kukoka retina mpaka kuimatula pakhoma la diso. Retina ikamatuka pa macula n'kukhalitsa, ngakhale katswiri wa opaleshoni amabweza zochepa. Madzi akatayika saoleka.

Mitsempha yosayenerayi itha kumeranso kutsogolo, pa kagawo kabulauni kozungulira mwana wa diso, n'kutseka njira yotulukira madzi a m'diso. Diso limauma gwa, kufiira, kupweteka mpaka mutu. Umenewu ndi mtundu wina wa matenda otchedwa glaucoma, ndipo ukafika apa ndiye kuti kuseri kunaonongeka kalekale. Ngakhale glaucoma wamba, wosapweteka, amene amadya kuona kwa m'mbali mwakachetechete, amapezeka kawirikawiri mwa anthu a shuga. Palinso china chimene chimaopsa mabanja: munthu kungodzuka akuona zinthu ziwiriziwiri, kapena chikope chimodzi chitagwa. Apa shuga wakhudza mtsempha woyendetsa diso. Nthawi zambiri zimabwerera pakatha miyezi itatu kapena kuyandikira apo, koma n'zofunika kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa sitiroko ndi matenda ena a m'mutu amayambanso chimodzimodzi. Kumudzi zikatere, mayina a anthu okalamba osalakwa amayamba kutchulidwa.

Wina angati izi ndi za m'mabuku a azungu. Ayi. Mu 2014 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anayeza maso a anthu 357 olandira mankhwala a shuga ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Zomba Central. Theka la iwo anali ndi matenda a retina. Pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse anali atafika poti maso awo ali pachiopsezo, ndipo 7 mwa 100 aliwonse anali atamera kale mitsempha yatsopano ija. Amene anali pangozi kwambiri anali okhalitsa ndi shuga, a shuga wosatsika, ndi a BP yokwera. Chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti kuchepa kwa magazi m'thupi kunapezekanso kuti kukuyendera limodzi ndi vutoli. N'zomveka: retina yosowa kale mpweya, magazi obweretsa mpweyawo n'kukhalanso ochepa. Kuno kumene malungo ndi njoka za m'mimba zimamaliza anthu magazi, wa shuga ayenera kumayezetsanso kuchuluka kwa magazi ake.

Tibwerere kwa amalume. Atayamba mapilitsi a shuga otchedwa metformin, nkhungu yoyamba ija inachoka, ulusi n'kuyambanso kulowa. Kwa iwo nkhani ya maso inathera pomwepo. Zaka zinayi ankapita kukiliniki kumene ankalandirira mankhwala, osaphonya. Sikelo, BP, chala, mapilitsi, kunyumba. Palibe anawafunsapo za maso, iwonso sanafunse. Sindiimba mlandu anamwino, poti mzere wa tsiku la shuga ndimaudziwa; munthu mmodzi woona anthu ochuluka chotero amathamangira zimene zili pamaso pake. Koma zotsatira zake zinali zakuti tsiku lina mayi wina anabweza siketi, ati mpendero wake wakhota. Amalume anaiyang'ana, n'kuona kuti ndi yoongoka. Anatseka diso lamanzere ndi chikhato, mpendero unaonekadi wokhota. Atatseka lamanja, pakati pa siketi panali chimtambo. Diso lamanzere linali litapita kalekale, lamanja n'kumaliphimbira ntchito.

Kachitidwe kameneka, kotseka diso limodzi n'kuyang'ana felemu ya chitseko kapena mizere ya pa kalendala, n'kothandiza ndipo sikalira ndalama. Koma kamagwira vuto litafika kale pa macula. Njira yokhayo yolipezera lisanafike ndi yoti wodziwa ayang'ane retina. Pano mpofunika kumvetsetsana, chifukwa ambiri amati "ndinayezetsa maso" pamene anangowerenga zilembo pakhoma. Kuwerenga zilembo kumaonetsa mmene mukuonera lero, sikuonetsa zimene zikuchitika kuseri. Munthu atha kuwerenga mpaka mzere wotsiriza ali ndi mitsempha yoti iphulika mwezi wamawa. Kuyeza kwenikweni kumayamba ndi mankhwala odontheza okulitsa mwana wa diso. Amalasa pang'ono ngati sopo, mumadikira mphindi 20 kapena 30, kenako amakuunikani ndi kuwala kwamphamvu kapena kujambula retina ndi kamera. Sizipweteka. Mukatuluka panja dzuwa limathobwa ndipo zapafupi sizioneka bwino kwa maola angapo, choncho tengani chipewa, tengani wokuperekezani, ndipo ngati ndinu wa kabaza tsiku limenelo njinga isiyeni kunyumba.

Wa shuga wa mtundu wachiwiri ayenera kuyezedwa retina atangopezeka ndi matendawa, chifukwa palibe amadziwa kuti anayamba liti. Pa kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa UKPDS, oposa mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi zizindikiro mu retina pa nthawi yomwe ankauzidwa koyamba kuti ali ndi shuga. Wa mtundu woyamba ayezedwe pasanathe zaka 5 chiyambireni. Kuchokera apo, chaka ndi chaka, kapena pafupipafupi ngati adokotala aona kanthu. Mayi amene anali kale ndi shuga akaima, ayezetse miyezi itatu yoyambirira, poti pakati pamatha kufulumizitsa matenda a retina. Zipatala zathu za maboma zimakhala ndi chipinda cha maso, koma nthawi zambiri khomo lake ndi lina, la shuga ndi lina. Ndiye musadikire kuti akutumizeni. Nenani nokha: "Adokotala, ndili ndi shuga, ndikufuna andione kuseri kwa maso." Alembe m'buku.

Akapeza kanthu, chithandizo chilipo, ngakhale kuti chili patali. Kwa ife a Dedza ulendo wake kawirikawiri ndi wa ku chipatala cha maso cha Lions chomwe chili pa Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma. China chili pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Chithandizo chodziwika kwambiri cha mitsempha yatsopano ija ndi kuwala kwamphamvu kwa makina kotchedwa laser. Dzina lake limaopsa, ndipo ndamvapo anthu akuti "amakaotcha maso." Kunena zoona amaotchadi, koma mwadala ndi mwa muyezo. Dokotala amaika timadontho ta moto toposa 1,000 m'mbali mwa retina, osakhudza macula. Mlimi aliyense amadziwa kupatulira: umazula mbewu zina zabwinobwino kuti zotsala zipeze chakudya. Zigawo za m'mbali zikachepa, njala ya mpweya imachepa, mfuu ya VEGF imazilala, mitsempha yoipa ija n'kufota. Nzeru imeneyi inayamba modabwitsa. Mu 1949 dokotala wa ku Germany, Gerhard Meyer-Schwickerath, ankakola kuwala kwa dzuwa padenga la chipatala ku Hamburg n'kukulozetsa m'diso la wodwala, moti kukachita mitambo ntchito inkaima. Kafukufuku wa ku America wa m'zaka za m'ma 1970 anadzasonyeza kuti kuotcha kotereku kumachepetsa ndi theka ngozi yochita khungu mwa anthu amene mitsempha yatsopano yamera kale.

Mtengo wake ulipo. Wolandira laser yambiri saona bwino za m'mbali, ndipo usiku amavutika kuyenda. Komanso laser sibweza zimene zatayika, imangoteteza zotsala. Apa ndi pamene mbiri yake imaipira: munthu amafika mochedwa, amuotcha, diso n'kupitirirabe kuonongeka chifukwa matenda anali atathamanga kale, kumudzi n'kukafalitsa kuti makina aja ndi amene anamupha diso. Womva amaopa, amachedwa nayenso, nkhani n'kubwerezeka.

Macula ikatupa, chithandizo chimene chikugwira ntchito kwambiri masiku ano ndi jakisoni wobaya m'diso momwemo, wa mankhwala oletsa VEGF monga Avastin. Kumva kokha thupi limachita tsemwe, koma diso amayamba alichititsa dzanzi ndipo kubayako ndi kwa kanthawi kochepa. Vuto lake n'lakuti si wa kamodzi. Poyamba amafunika mwezi ndi mwezi, ndipo kwa mlimi wa ku Mtakataka amene ayenera kukwera chitunda cha Golomoti, kupeza galimoto ya ku Lilongwe, kulipirira womuperekeza, mwinanso kugona konko, mwezi ndi mwezi ndi katundu wolemera. Magazi akadzaza m'diso osaphwa, kapena retina ikayamba kumatuka, pamafunika opaleshoni yaikulu yochotsa madzi onanda aja, imene akatswiri ake ndi owerengeka. Mukaona mndandanda umenewu muona kuti chithandizo chimanka chikwera mtengo ndi kutalikira pamene matenda akukula, chonsecho phindu lake likunka lichepa.

Chotsika mtengo kuposa zonse chili kunyumba. Mu 1993 kafukufuku wa DCCT, wa ku America ndi Canada, anasonyeza kuti a shuga wa mtundu woyamba amene anasunga shuga wawo pafupi ndi muyezo anachepetsa ngozi yoyamba matenda a retina ndi 76 peresenti. Mu 1998 UKPDS uja anasonyeza kuti mwa a mtundu wachiwiri, kutsitsa BP kunachepetsa kukula kwa matendawa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. BP ndimaitchula mobwereza chifukwa ambiri amailekerera. Mapilitsi a shuga amamwa, a BP amamwa mutu ukapweteka. Koma ngalande yoti makoma ake ndi ofooka kale, wina n'kuitsegulira madzi amphamvu, igumuka basi.

Pa shuga pali kachinyengo kamene odwala ambiri amachita, amalume anaulula okha. Kukatsala masiku awiri kuti apite kukiliniki amasiya tiyi wa shuga, nsima n'kuchepetsa, kuti makina akaonetse nambala yabwino asakakalipiridwe. Namwino anganamizike, retina siinamizika, poti imawerenga masiku onse a mwezi. Kuyeza kotchedwa HbA1c n'kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo kwa akulu ambiri cholinga chimakhala pafupi ndi 7 peresenti. Kumene kukupezeka, n'koyenera kukupempha. Za zakudya sindinena zambiri, poti aliyense wa shuga anazimva mpaka kutopa. Koma kuno kwathu mdani sakhala Fanta yekha ayi. Ndi chipisi cha pachiwaya masana aliwonse, thobwa lotsekemera la pamaliro ndi paukwati limene kukana kumaoneka mwano, masupuni anayi m'kapu ya tiyi chifukwa kunja kukuzizira. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma mitanda isanu ya mgaiwa ndi shuga yemweyo. Mwayi wathu ndi woti ndiwo zamasamba ndi nyemba sitisowa. Pa Lizulu ndi pa Bembeke kabichi ndi mpiru zimachita kuunjikana.

Chimodzi chokha ndipemphe mwapadera. Diso likayamba kuchita nkhungu, musadonthezemo madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, kapena mankhwala otsala a mnansi. Sizifika n'komwe kumene kuli vuto, poti retina ili kuseri. Zimangopsereza kutsogolo, ndipo diso la munthu wa shuga likachita chilonda limachedwa kupola. Ena mwa mankhwala odontheza ogulitsidwa mwachisawawa ali ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, amene amakweza mphamvu ya madzi m'diso ndi kufulumizitsa ng'ala.

Amalume tinapita nawo ku Lilongwe m'mamawa wina wozizira, atavala jekete ndi chipewa cha ubweya. Atawaunika, adokotala anandiitana kuti ndione chithunzi pa kompyuta: chinthu chofiirira ngati dzuwa lolowa, chodzaza timadontho ta magazi ndi timabanga tachikasu. Diso lamanzere anati macula inatupa nthawi yaitali mpaka kuchita chipsera, ndipo zobwerera n'zochepa. Lamanja, limene mwini wake ankalitama kuti lilibe vuto, linali litayamba kumera mitsempha yatsopano. Pobwerera m'minibasi anakhala chete mpaka pa Linthipe, kenako anati, "Mphwanga, ndiye kuti siketi ija ikanapanda kubwezedwa, bwenzi ndikudikira lachiwirili?" Sindinawayankhe.

Lamanjalo analiotcha maulendo awiri. Pano akusokabe, koma amaweruka dzuwa lisanalowe chifukwa kukada msewu sauona bwino. Ulusi amalowetsa okha, ataika kapepala koyera kuseri kwa singano. Kasitomala akangotchula kuti ali ndi shuga, tepi ili m'khosi amayamba kumufunsa ngati anamudonthezapo mankhwala m'maso, moti ena amachoka atayezedwa chiuno ndi kulalikiridwa komwe. Tsiku lobwerera kwa adokotala a maso analilemba ndi choko chodulira nsalu m'kati mwa chivundikiro cha makina, pafupi ndi miyezo ya suti ya mkulu wa mpingo wina amene mpaka lero sanabwere kudzatenga.